Mlandu wa Christian Legal Society ndi Martinez: mwayi ndi udindo wa gulu la ophunzira lolembetsedwa pa yunivesite

Pa 28 June 2010 khoti la Suprimu la dziko la America linapereka chigamulo pa mlandu womwe unayambira pa fomu yolembetsera gulu la ophunzira. Woyankha mlandu inali sukulu ya zamalamulo ya Hastings College of the Law, mumzinda wa San Francisco, ndipo odandaula anali nthambi ya pasukulupo ya Christian Legal Society, bungwe la maloya ndi ophunzira zamalamulo a Chikhristu. Dzina la Martinez lili pamutu wa mlanduwu chifukwa a Leo Martinez ndi amene ankagwirizira udindo wa mkulu wa sukuluyo pamene nkhaniyi inkafika ku khoti lalikulu. Majaji asanu anati sukulu sinalakwe pokana kulembetsa gululi, pomwe anayi anati inalakwa. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za ophunzira, komwe mafomu otere amafikira chaka ndi chaka, ndipo lipotili ndalembera anzanga a ntchito yomweyi pamodzi ndi atsogoleri a magulu a ophunzira. Chigamulo cha ku America sichimanga khoti lililonse kuno kwathu, koma mlanduwu unaika poyera nkhani yomwe timakumana nayo patebulo la ntchito: zomwe gulu limalandira likalowa m'kaundula wa sukulu, zomwe limalonjeza, ndi zomwe sukuluyo iyenera kuchita kuti lonjezolo likhale lofanana kwa onse.

Zomwe kaundula ankapereka ndi zomwe ankafuna

Sukulu ya Hastings inakhazikitsidwa mu 1878 ndipo ndi gawo la University of California. Mu 2023 inasintha dzina n'kukhala UC Law San Francisco. Ndi sukulu ya boma, ndipo mfundo imeneyi ndi yomwe inachititsa kuti mlandu utheke, chifukwa ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wopembedza womwe uli m'malamulo aakulu a dziko la America umamanga manja a boma ndi nthambi zake, osati a sukulu zomwe si zaboma.

M'chaka cha maphunziro cha 2004 mpaka 2005 pasukulupo panali magulu olembetsedwa pafupifupi 60, ena a ndale, ena a chipembedzo, ena a anthu ochokera kofanana, enanso a masewero ndi macheza. Gulu lolembetsedwa linkaloledwa kupempha ndalama zothandizira zochitika zake, ndipo ndalamazo zinkachokera ku fizi yomwe wophunzira aliyense ankakakamizidwa kulipira. Linkatha kuika zilengezo mu kalata ya sabata ndi sabata ya ofesi ya ophunzira, kumata zidziwitso pa mabolodi osungidwira magulu olembetsedwa, kutumiza maimelo kudzera pa adiresi ya sukulu, ndi kukhala ndi tebulo pa chionetsero cha pachaka chomwe magulu amakopera mamembala atsopano. Linkathanso kupempha zipinda zochitiramo misonkhano ndi malo a ofesi, komanso kugwiritsa ntchito dzina ndi chizindikiro cha sukulu.

Posinthana ndi zimenezi gulu linkayenera kukhala losachita malonda, mamembala ake kukhala ophunzira a pa Hastings okha, kupereka malamulo ake oyendetsera gulu kuti sukulu iwavomereze, kusaina mgwirizano ngati likufuna kugwiritsa ntchito dzina kapena chizindikiro, ndi kulonjeza kutsata malamulo onse a sukulu. Pakati pa malamulowo panali lamulo loletsa tsankho potengera mtundu, khungu, chipembedzo, dziko lochokera, makolo, ulumali, zaka, kukhala mwamuna kapena mkazi, ndiponso mtundu wa anthu omwe munthu amakopeka nawo pa chikondi. Lamulo lolembedwalo linkatchula zinthu zimenezi zokha. Koma akuluakulu a sukulu ankati amalitanthauzira motambalala kuposa pamenepo: gulu lililonse lolembetsedwa liyenera kulandira wophunzira aliyense wofuna kulowa, kuvota kapena kupikisana pa utsogoleri, posatengera chomwe iye ali kapena chomwe amakhulupirira. Mpata umene unali pakati pa lamulo la papepala ndi tanthauzo la pakamwa ndi pomwe panagona mlandu wonse.

Momwe mkangano unayambira

Gulu la Akhristu pa Hastings linakhala m'kaundula kwa zaka pafupifupi khumi popanda vuto. Kumayambiriro kwa chaka cha maphunziro cha 2004 atsogoleri ake analumikiza gululi ku bungwe la Christian Legal Society, la maloya ndi ophunzira zamalamulo a Chikhristu m'dziko lonselo, ndipo anatenga malamulo omwe bungwelo limafuna kuti nthambi zake zonse zizitsata. Malamulowo ankati membala wovota ndi mtsogoleri aliyense asaine chikalata cha chikhulupiriro, chotchula za Mulungu mmodzi mwa atatu ndi za Baibulo ngati mawu ouziridwa ndi Mulungu, ndipo akhale moyo wogwirizana nacho. Bungweli linkatanthauzira zimenezi kuti kugonana kunja kwa banja la mwamuna ndi mkazi n'kosaloledwa, choncho munthu wogonana ndi mwamuna kapena mkazi mnzake osalapa sakanakhala membala. Misonkhano ndi maphunziro a Baibulo zinali zotsegukira aliyense. Chitseko chinkatsekedwa pa kuvota ndi pa utsogoleri.

Gululi linapereka fomu yake mu September 2004 ndipo sukulu inaikana ponena kuti malamulo ake akusala ophunzira potengera chipembedzo ndi nkhani ya chikondi ija. Gulu linapempha kuti lipatulidwe pa lamulolo, sukulu inakananso, koma inati gululo likhoza kumasonkhana m'zipinda za sukulu ndi kugwiritsa ntchito mabolodi omwe aliyense amamatapo. Mu October 2004 gululi linakasuma ku khoti. Gulu lina la ophunzira lotchedwa Hastings Outlaw, loimira ophunzira omwe amakondana amuna kapena akazi okhaokha, linalowa nawo mlanduwu kumbali ya sukulu. Khoti loyamba linagamula mokomera sukulu mu 2006, khoti la apilo la Ninth Circuit linavomereza chigamulocho mu 2009 ndi mawu ochepa kwambiri, ndipo khoti la Suprimu linamva mlanduwu pa 19 April 2010, a Michael McConnell akuimira gulu, a Gregory Garre akuimira sukulu.

Pali chinthu chimodzi chomwe chinachitika ku khoti loyamba chomwe chinamanga mlanduwu mpaka kumapeto. Mbali ziwirizi zinasainirana mfundo zomwe sizinkatsutsana, ndipo imodzi mwa mfundozo inati sukulu ya Hastings imafuna kuti gulu lililonse lolembetsedwa lilandire wophunzira aliyense posatengera chomwe ali kapena chomwe amakhulupirira. Anaperekanso chitsanzo chakuti gulu la ophunzira otsatira chipani cha Democratic silingakanize wophunzira wa maganizo a chipani cha Republican kulowa kapena kupikisana pa utsogoleri. Atafika ku khoti la Suprimu, maloya a gululi anayesa kubwerera ku lamulo lolembedwa lija, ponena kuti limalola gulu la ndale kusankha mamembala potengera maganizo awo koma limaletsa gulu la chipembedzo kuchita chimodzimodzi. Mfundo imeneyi inali yamphamvu, ndipo ndikukhulupirira kuti ikanasuntha jaji mmodzi kapena awiri. Koma majaji asanu aja anati mbali ikasaina kuti chinthu chili chotere, singadzanene zina pa apilo. Khoti linaweruza lamulo lolandira aliyense, lomwe linali papepala losainidwalo.

Chigamulo ndi zifukwa zake

Chigamulo cha ambiri analemba ndi Jaji Ruth Bader Ginsburg, mogwirizana ndi majaji Stevens, Kennedy, Breyer ndi Sotomayor. Khotili silinayambire pachabe. Mu 1972, pa mlandu wa Healy ndi James, linagamula kuti koleji ya boma ya Central Connecticut inalakwa pokana kulembetsa nthambi ya Students for a Democratic Society, gulu la ndale la ophunzira, chifukwa chodana ndi maganizo ake, koma linanenanso kuti sukulu ili ndi ufulu wofuna kuti gulu lilonjeze kutsata malamulo oyenera a pasukulu lisanalembetsedwe. Mu 1981, pa mlandu wa Widmar ndi Vincent, linaletsa University of Missouri ku Kansas City kumana gulu la mapemphero zipinda zomwe magulu ena ankagwiritsa ntchito. Mu 1995, pa mlandu wa Rosenberger, linati University of Virginia singamane magazini ya ophunzira ndalama zosindikizira chifukwa choti ndi ya Chikhristu. Mu 2000, pa mlandu wa Southworth wa ku University of Wisconsin, linavomereza fizi yokakamiza yothandizira magulu, pokhapokha ngati ndalamazo zikugawidwa mosayang'ana maganizo a gulu. Pa milandu itatu yoyambayo magulu anapambana chifukwa sukulu inasankha gulu limodzi n'kulimana chomwe ena ankalandira.

A Ginsburg anati kaundula wa magulu ndi bwalo lomwe sukulu yatsegula yokha pa cholinga chake, ndipo pa bwalo lotere sukulu ikhoza kuika malire ngati malirewo ali ndi chifukwa chomveka komanso sakondera maganizo a mbali ina. Gululi linkafuna kuti mlandu wake uweruzidwe ngati wa Boy Scouts of America ndi Dale wa mu 2000, pomwe khoti linati boma silingakakamize bungwe kulandira munthu yemwe kupezeka kwake kungasokoneze uthenga wa bungwelo. Khoti linakana, ponena kuti pa mlandu wa Dale bungwe linalibe kothawira, pomwe pa Hastings gulu linali ndi ufulu wosunga malamulo ake onse malinga ngati lilolera kusiya thandizo la sukulu. Sukulu sinaletse gululi kukhalapo. Inangokana kulithandiza ndi ndalama, dzina ndi njira zake zofalitsira uthenga.

Khoti linapeza zifukwa zinayi zomveka. Lamuloli linkaonetsetsa kuti mwayi wa utsogoleri ndi wa maphunziro womwe umapezeka m'magulu ufikire wophunzira aliyense, ndiponso kuti pasakhale wophunzira wolipira fizi yothandizira gulu lomwe lingamukane pakhomo. Linkapulumutsa sukulu ku ntchito yovuta yofufuza ngati gulu lakana munthu chifukwa cha chomwe ali kapena chifukwa cha chomwe amakhulupirira. Linkasonkhanitsa anthu osiyana kuti aphunzire kulolerana ndi kuthetsa mikangano. Ndipo linkagwirizana ndi malamulo a boma la California oletsa kuthandiza tsankho ndi ndalama za boma. Pa kusakondera, khoti linati n'kovuta kupeza lamulo losakondera loposa lomwe limauza magulu onse chinthu chimodzi.

Pa zinayizi, chifukwa cha fizi ndi chomwe chimandigwira mtima kwambiri, chifukwa ndimawadziwa ophunzira omwe makolo awo amagulitsa mbewu kapena ziweto kuti fizi ikwane. Ndalama ikachoka m'thumba la wophunzira aliyense n'kulowa m'thumba limodzi la magulu, aliyense wa iwo amakhala ndi gawo pa ndalamayo, ndipo n'kovuta kumufotokozera kuti alipire koma pakhomo la gulu lodya ndalamayo asalowe.

Gululi linadandaulanso kuti lamulo lotere lingalole adani ake kulowa mwaunyinji, kusankha atsogoleri awo ndi kuligwetsa kuchokera mkati. Khoti linati mu mbiri ya Hastings munalibe umboni woti zimenezi zinachitikapo, ndipo linakumbutsa kuti gulu likhoza kuika zoyenereza zomwe sizikhudza chikhulupiriro, monga kufika pa misonkhano mokhazikika, kulipira zopereka za umembala ndi kusasokoneza zochitika. Magulu ofuna luso, monga a magazini a zamalamulo ndi a mipikisano yoyeserera milandu, akhozanso kusankha anthu kudzera m'mayeso otsegukira aliyense. Jaji Kennedy, yemwe voti yake ndi imene inapendeketsa mlanduwu, analemba payekha kuti sukulu ya zamalamulo ili ndi ufulu woona kuti kulumbiritsa ophunzira pa chikhulupiriro asanalowe m'gulu n'kosemphana ndi cholinga cha maphunziro ake, koma anachenjeza kuti zikanakhala zina pakanakhala umboni woti lamuloli linapangidwa pofuna kulanda kapena kutseka pakamwa gulu linalake.

Jaji Samuel Alito analemba m'malo mwa anayi otsutsa, omwe ena anali a Roberts, a Scalia ndi a Thomas, ndipo aliyense wogwira ntchito ngati yanga ayenera kuwerenga mawu awo mofatsa ngakhale atakhala kuti sagwirizana nawo. Iwo anaonetsa kuti pamene sukulu inkakana gululi mu 2004 inatchula lamulo lolembedwa loletsa tsankho, ndipo nkhani yolandira aliyense inamveka koyamba mu 2005, mlandu uli kale ku khoti, pamene mkulu wa sukulu ankapereka umboni. Anaonetsanso kuti m'mafayilo a sukulu munali malamulo a magulu ena olembetsedwa omwe ankafuna kuti mamembala azigwirizana ndi zolinga za gulu, ndipo la La Raza, gulu la ophunzira omwe mizu yawo ili ku Latin America, linkatchula za komwe mamembala amachokera, koma palibe lomwe linakanidwa. M'mbiri ya sukuluyo, Christian Legal Society linali gulu lokhalo lomwe linakanidwa kulembetsa. Pa lonjezo loti gulu likhoza kumagwiritsabe ntchito malo a sukulu, a Alito anatchula nthawi zomwe gululi linapempha malo koma yankho linachedwa mpaka tsiku litadutsa.

Khoti silinaweruze ngati sukulu inkagwiritsa ntchito lamuloli mokondera. Linabweza funsolo ku khoti la Ninth Circuit kuti lione ngati gululi linadzutsa nkhaniyi pa nthawi yake, ndipo chakumapeto kwa 2010 khotilo linati silinatero. Mlandu unathera pomwepo, funso lomwe linali lalikulu koposa lisanayankhidwe ndi khoti lililonse.

Kuona kwanga n'kwakuti majaji asanu aja anaweruza bwino mlandu womwe unali patsogolo pawo, koma sukulu ya Hastings inapambana chifukwa cha pepala lomwe odandaula anasaina, osati chifukwa chakuti ofesi yake inayendetsa bwino zinthu. Lamulo lomwe lingachotse gulu m'kaundula liyenera kulembedwa m'buku lomwe ophunzira amapatsidwa, gulu lisanabwere ndi fomu. Ofesi yomwe yavomereza malamulo a magulu makumi angapo osawawerenga, kenako n'kuwerenga mzere ndi mzere malamulo a gulu limodzi, yayamba kale kukondera ngakhale wogwira ntchitoyo alibe mtima woipa. Ndipo ofesi ikauza gulu lokanidwa kuti likhoza kupemphabe chipinda, pempholo liyenera kuyankhidwa tsiku lisanafike, apo ayi lonjezolo ndi mawu chabe. Udindo suli pa gulu lokha: sukulu yomwe imafuna kuti magulu asunge malamulo imakhala italonjezanso kuwasunga mofanana.

Sindikhutira kwenikweni ndi mmene chigamulochi chinaphatikizira umembala ndi utsogoleri. Kunena kuti wophunzira aliyense alowe m'gulu lodya ndalama za onse n'komveka. Kunena kuti gulu la mapemphero lisafunse ngati wotsogolera phunziro la Baibulo amakhulupirira Baibulolo, kapena kuti gulu la ophunzira a Chisilamu lisafunse chimodzimodzi za wotsogolera mapemphero awo, n'kupempha chinthu chomwe chimakhudza mtima wa gululo. Yankho la khoti linali loti mamembala sangavotere munthu wotsutsa zolinga zawo, ndipo nthawi zambiri zimenezi n'zoona, koma gulu la anthu ochepa kwambiri silikhala ndi chitetezo chokwanira m'mavoti. Kuno ku Malawi gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limaletsa tsankho, gawo 32 limateteza ufulu wosonkhana m'magulu, ndipo gawo 33 limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo. Masukulu athu a ukachenjede ali ndi magulu a chipembedzo amphamvu, monga Student Christian Organisation of Malawi, ndipo tsiku lomwe magawo atatuwa adzakumane pa fomu imodzi, ofesi yomwe inalemba kale zomwe imafuna kwa membala ndi zomwe imafuna kwa mtsogoleri idzakhala ndi poyambira.

Zomwe zinatsatira

Chigamulochi chinalola lamulo lolandira aliyense, koma sichinalamule sukulu iliyonse kulitsata. California State University inalitsata, ndipo mu 2014 inachotsa m'kaundula nthambi za InterVarsity Christian Fellowship pa masukulu ake, omwe panthawiyo anali 23, chifukwa bungwelo linkafuna kuti atsogoleri avomereze chikhulupiriro chake. Mu 2015 mbali ziwirizi zinamvana ndipo nthambizo zinabwezeretsedwa. Maboma ena a m'dzikolo anapita mbali ina: Virginia mu 2013 ndi Iowa mu 2019 ndi ena mwa omwe anakhazikitsa malamulo oteteza magulu a ophunzira kuti azisankha atsogoleri ogwirizana ndi zikhulupiriro zawo osataya mwayi wa m'kaundula.

Funso lija lomwe linatsala pa Hastings linayankhidwa ku University of Iowa. Mu 2017 yunivesiteyo inachotsa gulu la Business Leaders in Christ wophunzira wina atadandaula kuti anamanidwa utsogoleri, ndipo mu 2018 inachotsanso magulu ena ambiri, kuphatikizapo nthambi ya InterVarsity. Koma yunivesiteyo inalibe lamulo lolandira aliyense. Inkalola magulu a amuna okha ndi a akazi okha, ndipo inasiya m'kaundula gulu lina la Chikhristu lomwe nalonso linkasainitsa atsogoleri ake chikalata cha chikhulupiriro, kungoti chikhulupirirocho chinali chosiyana pa nkhani ya ukwati. Mu 2021 khoti la apilo la Eighth Circuit linagamula pa milandu yonse iwiri kuti kumeneku kunali kusala gulu chifukwa cha maganizo ake, ndipo linakana kuteteza akuluakulu a yunivesite omwe anapanga ziganizozo, kutanthauza kuti akanatha kuyankha mlandu pawokha osabisala kuseri kwa ofesi. Chakumapeto kwa chaka chomwecho boma la Iowa linavomereza kulipira ndalama pafupifupi madola 2 miliyoni, zambiri mwa izo zolipirira maloya a magulu awiriwo.